Nsanja ziwiri za ku Cape Point: zolemba za ulendo wa ana athu

Lamulungu loyamba la Ogasiti

Komiti yavomera. Titatuluka m'mapemphero tinakhala pansi anthu asanu: ine, amayi athu asungichuma, abambo awiri oimira makolo, ndi chemwali wa kwaya amene amadziwa za kompyuta. Tagwirizana kuti sukulu zikatsekera teremu yachitatu titenge ana a Sande sukulu tipite nawo ku Cape Point, nsonga yolowa m'nyanja kummwera kwa Cape Town kuno ku South Africa, ndiponso kuti mwana aliyense akakwere galimoto atagwira kabuku ka m'Chichewa kofotokoza zimene akukaona. Ntchito ya kabukuko andisenzetsa ine. Chilichonse chimene chachitika ndizilemba muno, kuti makolo amene mukusonkha ndalama muzidziwa pamene tafika.

Nkhaniyi inayamba ndi mnyamata wina wa zaka khumi. Anandifunsa kuti, "Ankolo, kodi mabasi akuluakulu a alendo aja amapita kukaona chiyani kumene kuja?" Ndinamuyankha, kenako ndinafunsa kalasi yonse kuti anafikako ndani. Pa ana 23 anakweza manja ndi awiri. Anawa amakhala ku Masiphumelele ndi ku Ocean View, ndipo pagalimoto sipatha ola munthu asanafike pachipata. Anthu amalipira ndege kuchokera ku Germany ndi ku China kudzaona malo amene ana athu amangoona fumbi la mabasi ake. Zinandikhala pamtima sabata yonse.

Lachitatu, sabata yotsatira

Ndakakamira pa liwu loyamba lenileni. Chinthu chimene tikukaonachi, chija pa Chingerezi amati lighthouse, chochenjeza sitima za panyanja ndi kuwala usiku, m'Chichewa tichitche chiyani? Chemwali anati "nyumba ya magetsi", koma aliyense wakumudzi akamva zimenezo aganiza za ofesi yolipirako bilu. Wina anati "nyumba ya nyali", ndipo ana anaseka kuti nyumba iliyonse ili ndi nyali.

Usiku ndinaimbira bambo anga ku Nkhotakota. Iwo anakhala siginala zaka zambiri, munthu uja amatsogola m'bwato ndi nyali zopopa pa usodzi wa usipa, kuti nsomba zisonkhane pansi pa kuwala anzake asanaponye chilimila. Nditawafotokozera anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti yathu imaitana, imeneyo imathamangitsa. Nanga woyatsayo amakhala pati?" Ndinati pamwamba, pamene akuona nyanja yonse. Iwo anati, "Ndiye ndi nsanja imeneyo, mwana wanga. Ngati ya kumunda yolondera anyani."

Tatenga "nsanja ya nyali". Mawu a bambo aja ndawaika pa tsamba loyamba.

Loweruka, pakati pa Ogasiti

Lero ndinapita kukayendera malowa ndekha, ana tisanawatenge. Anandiperekeza ndi achimwene ena a mumpingo amene amayendetsa galimoto ya hayala. Tinadzera ku Kommetjie, Misty Cliffs ndi Scarborough, nyanja ili kudzanja lamanja njira yonse. Kuchokera pachipata kukafika poimika magalimoto pansi pa nsanja ndi makilomita opitirira khumi, choncho zoti tingatsike pachipata n'kuyenda wapansi ndi ana, iwalani.

Choyamba chimene ndiyenera kuuza ana tisananyamuke: kulibe mikango, kulibe njovu. Ife a ku Nkhotakota tikamva kuti malo osungira nyama timaganiza za nkhalango ya miombo, ndi njovu pafupifupi 500 zija anazisamutsira kwathu kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Kuno tchire lake ndi lofika m'chiuno, mitengo italiitali njosowa, ndipo munthu wongodutsa atha kunena kuti ndi chipululu. Koma ine ntchito yanga ndi ya m'magadeni, zaka zisanu ndi zinayi tsopano, ndiye ndinapempha achimwene kuti aime kangapo. Tchire limeneli amalitcha fynbos. Pa mahekitala 7,750 a chigawo chimenechi pali mitundu ya zomera yoposa 1,000. Pali ma protea a maluwa aakulu ngati mbale, pali timaluwa ta erica tooneka ngati timabelu, pali ndi udzu wouma wa restio umene mitundu yake ina amafolera nyumba, monga timachitira ndi tsekera kwathu. Dothi lake ndi mchenga wosauka, umene mlimi wa chimanga sangauyang'ane kawiri, n'chifukwa chake msipu wake sungadyetse nyama zambiri zikuluzikulu. Chimene chimandizizwitsa ndi chakuti zomera zambiri za muno zimadikira moto. Mbewu zina zimamera pokhapokha zitamva utsi, ndipo zina nyerere zimazikokera kuuna kwawo, n'kudya kamnofu ka pamwamba, mbewuyo n'kutsala pansi pa nthaka osapsa. Tsamba limodzi lonse ndilipereka kwa nyerere zimenezi, ngakhale chemwali akuti malo atichepera.

Malowa anayamba kutetezedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo lero ndi gawo la Table Mountain National Park. Nyama tinaziona ndithu: nthiwatiwa zitatu pafupi ndi gombe, gulu la agwape a bontebok a nkhope zoyera, ndi kamba mmodzi akuwoloka msewu, amene tinamudikira mpaka anafika tsidya. Nchefu ndi mbidzi za m'mapiri ziliko, koma lero sizinatulukire.

Tsopano nsanja. Kukwera pamasitepe kuchokera poimika magalimoto kunanditengera mphindi makumi awiri, ndikupumira. Amene sangathe kukwera pali kangolo koyenda panjanji, kokokedwa ndi chingwe, kamene anakatcha Flying Dutchman potengera nthano ya amalinyero ya sitima ya mizukwa. Tikuyamba kukwera kunja kunali bwino. Tisanafike pamwamba mtambo unabwera kuchokera kunyanja, ndipo pamene ndinkagwira khoma la nsanja sindinkathanso kuona achimwene amene anali masitepe khumi kumbuyo kwanga. Nyanja ndinkangoimva ikubangula pansi penipeni. Chifunga chake n'chonyowa, chimalowa m'malaya.

Poyamba ndinadandaula kuti tawononga petulo. Koma nditaima pamenepo mphindi zingapo ndinaona kuti ndapatsidwa phunziro lonse la kabuku kathu. Nsanja yakale imeneyi anaiyatsa koyamba mu 1860. Ndi yachitsulo, anaibweretsa zidutswazidutswa kuchokera ku England n'kudzailumikiza pansonga ya phiri, mamita opitirira 200 kuchokera pamadzi. Oimanga anaganiza monga tingaganizire tonsefe, kuti nyali ikakhala pamwamba ndiye kuti ionekera patali. Kukakhala koyera inkaonekeradi patali, mwinanso mopitirira muyeso, chifukwa sitima zinkaiona msanga n'kukhota nthawi isanakwane, n'kuyandikira miyala. Koma mtambo ukakhala paphiri monga lero, nyaliyo inkayaka m'kati mwa mtambo, pamene pansi pamadzi, pomwe panali anthu oifuna, panali mdima. Olondera ankayatsa mokhulupirika usiku uliwonse, mafuta ankatha, koma wapanyanja osaona kanthu.

Patatha theka la ola mtambo unang'ambika, ndipo ndinatsata kanjira ka olondera nyali kamene kamadutsa m'mbali mwa phompho, kupyola zipupa zakale za asilikali a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kumapeto kwake munthu umasuzumira pansi, ndipo apo pali nsanja yatsopano, yaifupi, yomangidwa ndi miyala, itakhala pamsana wa thanthwe mamita 87 okha kuchokera pamadzi. Anaiyatsa mu 1919. Ndi imene ikugwira ntchito mpaka lero, ndipo pa gombe lonse la South Africa palibe ina yowala kuiposa: kuwala kwake kumafika makilomita pafupifupi 60. Anaiikanso mochenjera, moti sitima yochokera kumadzulo siiona mpaka itatsikira kummwera mokwanira kuti izembe miyala. Alendo salola kufika pa nsanjayo, umangoionera pamwamba. Kumtunda kuja anthu anali piringupiringu kujambulitsa pa nsanja yozima. Kuno tinalipo anthu anayi.

Kanjirako n'kopapatiza ndipo mphepo imakankha. Ana aang'ono sitidzawatengerako. A zaka 11 kupita m'mwamba okha, wamkulu mmodzi pa ana atatu.

Lachisanu, kumapeto kwa Ogasiti

Masamba asanu atha. Tsamba la mbiri ndalilemba katatu.

Poyamba ndinayamba ndi Bartolomeu Dias, Mpwitikizi amene anazungulira nsonga imeneyi mu 1488 n'kuitcha Cabo das Tormentas, nsonga ya anamondwe, dzina limene mfumu yake João II inasintha kukhala la chiyembekezo chabwino (Cape of Good Hope) poona kuti njira ya ku India yatseguka. Kenako Vasco da Gama mu 1497. Nditawerenga ndinaona kuti mwana aganiza kuti dziko linayamba tsiku limene sitima inafika. Ndafufuta. Tsopano tsambalo likuyamba ndi milu ya zigoba za nkhono za m'nyanja imene ili m'mbali mwa gombe, yosiyidwa ndi Asan ndi Akhoekhoe amene ankadya za m'nyanja imeneyi zaka zikwi zambiri Dias asanabadwe. Apwitikizi akubwera m'ndime yachiwiri, ndipo ndi malo awo oyenera.

Mitanda iwiri ikuluikulu ya chikumbutso cha Dias ndi Da Gama ili m'kati momwemo, ndipo ndaiikamo chifukwa nayonso ndi zizindikiro za apanyanja: woyendetsa boti mu False Bay, chigawo cha nyanja cha kum'mawa kwa nsongayi, akaiona itaima mzere umodzi amadziwa kumene kuli mwala wobisika wa Whittle Rock. Bambo anga amachita chimodzimodzi ndi mtengo wa mbawa ndi nsonga ya phiri akafuna kupeza pamene pali nsomba.

Ndakonzanso chinthu chimene ngakhale akuluakulu a komiti ankakhulupirira, choti pa Cape Point ndi pamene Africa amathera ndipo nyanja ziwiri zimakumana. Ayi. Nsonga ya kummwera kwenikweni ndi Cape Agulhas, makilomita pafupifupi 150 chakum'mawa, ndipo ndi kumene anaika malire a Atlantic ndi Indian. Abambo ena sanakondwe, akuti ndikuchotsa mchere m'ndiwo. Ndawauza kuti ana athu akapita kukanena zimenezi kusukulu, ndiye tiwapatse zoona.

Lamulungu loyamba la Seputembala

Lero tinatsutsana kwambiri, ndipo ndilemba mbali zonse ziwiri.

Nkhani ndi tsamba la chisanu ndi chimodzi, la sitima ya Lusitania. Ambiri akamva dzinali amaganiza za sitima ya Angerezi imene Ajeremani anaimiza mu 1915. Iyi ndi ina, ya Apwitikizi. Usiku wa pa 18 Epulo 1911 inkachokera ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo, itanyamula anthu pafupifupi 800. M'chifunga inagunda Bellows Rock, mwala umene uli pansi pa madzi chakummwera kwa nsonga, umene kukakhala bata umangoonekera ndi thovu loyera. Anthu ambiri anapulumutsidwa, koma boti limodzi lopulumutsira anthu linagubuduzika ndipo anthu asanu ndi atatu anafa. Ngozi imeneyi ndi imene inakakamiza akuluakulu kuvomereza kuti nsanja ya paphiri yalephera, kufikira anamanga ya m'munsi ija.

Chimene chinandigwira ine ndi ichi: mwa anthu a m'sitimamo, oposa 400 anali antchito achikuda. Sanali alendo okaona dziko. Anali amuna ochoka kwawo kupita kukagwira ntchito kutali, monga agogo athu ankapitira ku Joni pa Wenela, monganso ife tinakwerera basi pa Mwanza kudutsa ku Tete ndi ku Beitbridge. Ndipo sitimayo inanyamuka ku Mozambique, dziko limene mabanja atatu a mumpingo mwathu anachokera, a ku Angónia, olankhula Chichewa chomwechi. Ndikayesa kuganiza munthu amene mwina nyanja yamchere anali atangoiona kumene, ali m'chipinda cha pansi pa sitima, pakati pa usiku, chitsulo chikung'ambika, mawu olamula akumveka m'chinenero chimene sakuchimva bwino, tulo timandithawa.

Amayi asungichuma anakana. Anati, "Aphunzitsi, ana tikuwatengera kokasangalala. Ena mwa anawa makolo awo anavutika panjira pobwera kuno, ena anataya abale. Mukufuna akalire paphiri?" Sananene mopsa mtima, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Iwo ndi amene amadziwa nyumba iliyonse.

Ine ndinati, "Mayi, tikachotsa tsamba limeneli ndiye kuti tawaonetsa nsanja ya azungu, yomangidwa ndi azungu, yopulumutsa azungu. Adzajambulitsa n'kubwerera ali alendo. Koma pamwala paja panali anthu onga ife, ndipo nyali imene ikuyaka lero inayatsidwa chifukwa cha usiku umene iwo anali pamenepo."

Anatiweruza ndi agogo ena aakazi amene amangokhala nafe pa komiti chifukwa misonkhano imachitikira pakhomo pawo. Anati, "Maliro sitibisira ana kwathu. Timangodziwa kawauzidwe." Tagwirizana kuti tsambalo likhale, koma lifupike, lisafotokoze za kumira, ndipo litsindike kuti ambiri anapulumuka. Amayi asungichuma ndi amene alikonze mawu ake. Ndavomera ndi mtima wonse, chifukwa Chichewa chawo n'chofewa kuposa changa.

Lachiwiri, pakati pa Seputembala

Za ndalama ndi mapepala.

Pachipata mitengo ili patatu: wa nzika ndi okhazikika mu South Africa, wa anthu a m'maiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kwina, umene ndi wokwera kwambiri. Malawi ndi Mozambique ali mu SADC, koma kuti ulipire mtengo umenewo uyenera kuonetsa chiphaso. Apa ndi pamene ntchito yachedwa. Ana ena anabadwira konkuno ndipo ali ndi zikalata za kubadwa, ena ali ndi mapasipoti a kumudzi, ena mapepala awo ali m'njira. Makolo awiri anabweza mafomu osalemba kanthu, ndipo sindinawafunse chifukwa. Komiti yagwirizana kuti mwana amene alibe chikalata choonetsa timulipirira mtengo wokwerawo kuchokera m'thumba la tonse, ndipo mndandanda wa amene alipiridwa motero ukhala ndi amayi asungichuma okha. Palibe mwana atsale chifukwa cha pepala, ndipo palibe mwana adziwe kuti mnzake walipiridwa zingati.

Msonkhamsonkha wafika magawo atatu a magawo anayi a zimene tikufuna. Amayi a chigwirizano agulitsa mandasi ndi zitumbuwa Malamulungu awiri. Abwana ena amene ndimawasamalira gadeni ku Noordhoek atamva za ulendowu anadzipereka kusindikiza timabuku tonse 30 pa makina a ku ofesi kwawo. Maminibasi awiri tapangana nawo, theka talipira.

Loweruka, kumapeto kwa Seputembala

Tinayeserera za anyani pabwalo la tchalitchi. Ana a kumudzi amadziwa kuti nyani ukamuopseza amathawa. A ku Cape Point sathawa. Anazolowera kuti chikwama ndi chakudya, amatsegula zitseko za galimoto, ndipo kuwadyetsa ndi mlandu wolipitsa. Nyani amene wazolowera kulanda anthu mapeto ake amaphedwa, ndiye mwana womuponyera nthochi sakumuchitira chifundo. Chakudya chawo chili m'tchire ndi pagombe, pamene madzi akaphwera amatsikira kukatola nkhono za m'miyala, khalidwe limene anyani a kwathu alibe. Malamulo tawapatsa atatu okha kuti asaiwale: m'manja musakhale chakudya, nyani akagwira chikwama musiyireni, musathamange.

Lachinayi, sabata yoyamba ya tchuthi

Tasintha tsiku. Mphepo ya kummwera chakum'mawa, imene kuno amaitcha Cape Doctor, yakhala ikuwomba masiku atatu, ndipo zanyengo akuti Loweruka ikula. Ndi mwera weniweni, ndipo mwana wa msodzi sakangana ndi mwera. Tipita Lachiwiri. Akuluakulu awiri sangapeze tchuthi kuntchito tsiku limenelo, m'malo mwawo mwalowa agogo aja ndi mlongo wanga.

Lachiwiri usiku

Tapita, tabwera, onse ali kwawo. Ana 21, akuluakulu 6. Ndilembe ndisanagone.

Kunja kunacha bwino, kopanda mtambo. Titangolowa pachipata ana anayamba kuwerenga nyama mopikisana, minibasi iyi ndi inzake. Nthiwatiwa yaimuna inayenda m'mbali mwathu kamtunda ndithu, ndipo kamtsikana kena kanafunsa ngati imeneyo ndi nkhuku ya kuno. Chapatali tinaona nchefu zinayi, zimene ine ulendo woyamba sindinazione.

Agogo ndi ana aang'ono asanu anakwera kangolo ka panjanji, ena tonse masitepe. Pamwamba pali chikwangwani choloza mizinda ya kutali ndi mitunda yake, London, New York ndi ina. Ana anachizungulira kufunafuna Lilongwe. Palibe. Mnyamata uja anayambitsa zonsezi anafunsa kuti, "Ankolo, nanga kwathu ndi kuti?" Ndinamugwira mapewa n'kumutembenuzira kumpoto chakum'mawa, kupyola False Bay ndi mapiri a tsidya lija. Anatambasula dzanja n'kukhala choncho, ndipo anzake anabwera kudzaima pambali pake, aliyense dzanja lili m'mwamba. Mlongo wanga anajambula. Chithunzi chimenecho chidzakhala pachikuto tikadzasindikizanso.

Tili pomwepo mmodzi anakuwa kuti m'madzi mukutuluka utsi. Anali anangumi awiri, mbali ya False Bay, a mtundu umene umabwera m'magombe ano kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala kudzaswana. Tinawaonerera nthawi yaitali kuposa imene ndinakonza, ndipo sindinafulumize munthu.

Kenako ndinatenga ana okulirapo asanu ndi anayi pa kanjira ka olondera. Titafika kumapeto ndinawaonetsa nsanja ya m'munsi, kenako ndinawauza kuti ayang'ane kutsogolo kwake, patali pang'ono, pamene madzi ankachita thovu n'kuzimirira, n'kuchitanso. Anapaona. Ndinafunsa amene angawerenge tsamba la chisanu ndi chimodzi. Anadzipereka ndi mtsikana wa zaka 13 amene mayi ake ndi a ku Ulongwe wa ku Angónia. Iyeyu kusukulu amaphunzira m'Chingerezi, pamsewu amalankhula Chixhosa, Chichewa amangochimva kunyumba, ndipo n'koyamba kuchiwerenga pagulu. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, mphepo ikukupiza pepala. Pa liwu loti "anapulumutsidwa" anakakamira kawiri, mnzake n'kumuthandiza. Atamaliza palibe anayankhula. Kenako iye yemweyo anafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye opulumukawo anapitirizabe ulendo wa kuntchito?" Ndinamuuza kuti funso limenelo alisunge, akawafunsenso mayi ake kuti munthu wochoka kwawo akakumana ndi tsoka panjira amabwerera kapena amapitirira. Anapinda kabuku n'kukaika m'thumba la malaya.

Amayi asungichuma anali nafe pamenepo. Pobwerera anandigwira pamkono, osanena kanthu.

Nkhomaliro tinakadyera ku Buffels Bay, kumene kuli dziwe lomangidwa m'mphepete mwa nyanja loti ana n'kusambamo mopanda mantha ndi mafunde. Madzi ake ndi ozizira koopsa kwa munthu wozolowera nyanja ya kwathu, koma analowamo onse. Nyani mmodzi wamkulu anatsika kuchokera kutchire n'kunyamula jumbo ya mabanzi imene inali pamwala. Kamnyamata kamene kanali pafupi kanangoima, manja m'mbali, monga tinayeserera. Mabanzi khumi ndi awiri apita, mwana ali bwinobwino. Cholakwa chinali cha ife akuluakulu, tinatulutsa zakudya zonse nthawi imodzi.

Pali chinthu chimene sindinachiganizire pokonza ulendo wonsewu. Tikukwera minibasi madzulo, kamtsikana ka nkhuku kaja kanafunsa kuti, "Nanga nyaliyo iyaka nthawi yanji?" Alendo amayenera kutuluka dzuwa lisanalowe. Ndiye kuti ndinatengera ana 21 kukaona nsanja ziwiri za nyali, osaona nyali ngakhale imodzi ikuyaka.

Anatipulumutsa ndi adalaivala. Anati tikamadutsa ku Kommetjie tiime pa Slangkop. Nsanja imeneyo ndi yachitsulo, yoyera, yaitali mamita oposa 30, ndipo nayonso inayamba kugwira ntchito mu 1919. Ili makilomita ochepa chabe kuchokera kunyumba za anawa. Tinafika dzuwa litangomira, tinakhala pamiyala, ana atafunda zitenje za amayi awo. Tinadikira. Itayaka anakuwa onse pamodzi, kenako anayamba kuwerenga kuphethira kwake: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, mdima, n'kuyambiranso. Ndinawafotokozera kuti nsanja iliyonse ili ndi kaphethiridwe kakekake, kuti woyendetsa sitima akawerenga adziwe pamene ali. Mnyamata wina anati kuwala kumeneko amakuona usiku ali kwawo, koma ankayesa kuti ndi apolisi.

Lamulungu lotsatira

Amayi asungichuma awerenga ndalama pamaso pa makolo. Zonse zalipiridwa, ndipo yatsala yokwanira theka la minibasi imodzi. Makolo agwirizana kuti isungidwe.

Zokonza m'kabuku tisanasindikizenso: pa tsamba lachitatu ndinalemba "nyelele", chemwali akuti tilembe "nyerere" monga m'mabuku a sukulu. Tiwonjezere tsamba la Slangkop ndi kaphethiridwe ka nyali. Tiike kamapu kosonyeza kumene kuli Malawi ndi Mozambique munthu ataima pa nsanja yakale. Ana awiri amene anadwala tsiku la ulendo alandira timabuku tawo, ndipo achimwene a galimoto ya hayala alonjeza kuwatengera ku Slangkop Lachisanu madzulo.

Mpingo wina wa Amalawi ku Capricorn wapempha timabuku 40. Ndawauza kuti adikire tikonze kaye.

Ana akufuna ulendo wachiwiri, wa ku Olifantsbos, kumene zitsulo za sitima ya Amereka ya Thomas T. Tucker, imene inatsakamira pamiyala mu 1942, zikadali pamchenga ndipo munthu amafikapo wapansi. Ndikayendere kaye njirayo ndekha mwezi wamawa, ndione ngati miyendo ya ana aang'ono ingaithe. Mtsikana wa ku Ulongwe uja wapempha kuti tsamba la sitima imeneyo alembe ndi iye. Ndamupatsa kope ndi cholembera, ndipo tagwirizana kuti abweretse ndime yoyamba Lamulungu likudzali.